Flic en Flac, Tamarin kapena La Gaulette: mukafika ku Black River ku Mauritius mukakhale pati?

Anthu akamva zoti ndinakhalako ku Mauritius funso lawo limakhala lomwelomwelo, akuti ifenso tikapita tikafikire mbali iti, ndiye ine ndimayankha kuti kumadzulo, boma la Black River lomwe eni ake amalitchula Rivière Noire. Koma yankho limeneli ndi theka chabe chifukwa bomali ndi lalitali ngati lamba, limayambira cha ku Albion kufupi ndi likulu la dzikolo Port Louis n'kutsetsereka m'mbali mwa nyanja mpaka ku Le Morne kummwera, ndipo midzi yake siyofanana olo pang'ono, mutha kuwononga ndalama zofanana wina ku Flic en Flac wina ku La Gaulette koma pobwera muzifotokoza ngati munapita mayiko awiri. Komanso pabwalo la ndege amafuna muonetse tikiti yobwerera ndi adiresi ya komwe mukagone, ndiye nkhani yosankha mudziyi muithane musananyamuke.

Ndiyambe ndi nthaka chifukwa ndiyo imalamula zonse kumeneko. Chilumbachi chinabadwa ndi moto, zaka pafupifupi 8 miliyoni zapitazo chiphalaphala chinatuluka pansi pa nyanja n'kumaunjikana mpaka chinatulukira pamwamba pa madzi. Mapiri osongoka amene amaima kumbuyo kwa midziyi, Trois Mamelles, Montagne du Rempart, La Tourelle du Tamarin, ndi zotsalira za chiphiri chamoto chakalekale chomwe mvula ndi mphepo zinachidya pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amaoneka ngati mano. Musaope ayi, moto unazima kalekale, phiri lomwe limaphulikabe ndi Piton de la Fournaise ndipo limenelo lili ku Réunion, chilumba china. M'minda ya nzimbe muziona milu ya miyala yakuda, imeneyo ndi miyala ya chiphalaphala yomwe anthu anachita kutola kuti apeze polima, ndipo oyamba kugwira ntchito yowawayi anali akapolo kenako amwenye amene anabwera pa kontilakiti.

Chachiwiri ndi mphepo. Imachokera kummwera chakummawa, yomweyi kunyanja kwathu timati mwera, ndipo imalimba nthawi yomweyonso, cha mu Juni mpaka Ogasiti. Ikafika pa chilumbachi imagunda mapiri a pakati n'kukhuthula mvula kumeneko, ku Curepipe ndi malo ena okwera imatha kupitirira mamilimita 3,000 pachaka pomwe gombe la kumadzulo nthawi zambiri silifika ndi 1,000 yomwe. Ndiye Black River ndi mbali youma, yotentha, udzu wake chilimwe umachita kufiira, koma nyanja yake ndi yodekha ndipo dzuwa limalowera m'madzi inu mukuona. Kuipa kwake ndi madzi a m'mipope, nyengo youma amatha kubwera maola ochepa patsiku, ndiye nyumba iliyonse imene mukufuna kuchita lendi funsani ngati ili ndi thanki ndi pampu, limeneli ndi funso loyamba, za wifi zibwere pambuyo.

Tsopano Flic en Flac. Awa ndi malo amene ndimauza munthu wobwera koyamba komanso amene alibe ndalama yochitira hayala galimoto masiku onse. Gombe lake ndi lalitali makilomita angapo, mchenga woyera, mitengo ya filao yopereka mthunzi, ndipo kutsogolo kuli mpanda wa makorali, miyala yomera pansi pa nyanja, womwe umaswa mafunde kutali, ndiye madzi a m'mphepete amakhala ngati dziwe, ana amasewera osadandaula. Muvale nsapato za m'madzi basi chifukwa pansi pali zidutswa za makorali ndi tizilombo ta minga takuda tija, mukaponda tchuthi chathera pomwepo. Chilichonse chili pafupi, supamaketi, famase, ma ATM, malo odyera otchipa ndi odula, ndipo pagombe pamaima timagalimoto togulitsa zakudya za kumeneko monga dholl puri, gateaux piments, mine frite ndi chinanazi chothira tsabola ndi mchere. Mabasi opita ku Quatre Bornes ndi ku Port Louis amadutsa pafupipafupi masana. Pamphambano yolowera kumudziwu pali mashopu a Cascavelle komanso Casela komwe ana amakaona nyama, ndipo chifukwa cha masukulu a ukachenjede amene anamangidwa pa malo a kampani ya Médine mupezako ana asukulu ambiri ochokera m'mayiko a mu Africa muno, simukhala nokha wakhungu lanu wolankhula Chingerezi.

Chimene ndimaikondera Flic en Flac kwenikweni ndi wikendi. Loweruka ndi Lamulungu mabanja a ku Vacoas, Quatre Bornes, Rose Hill amatsika ndi mapoto a biryani, matenti, mipando, agogo ndi zidzukulu, wina watulutsa ravanne, ng'oma yafulati ija amayamba aiwamba pamoto kuti ilire bwino monga timachitira ndi ng'oma zathu, kenako gule wawo wa sega wayambika. Pamenepo ndi pomwe mumaona kuti dzikoli lili ndi eni ake. Koma chilungamo chake mudziwu unamangidwa mothinana, mafulati pamwamba pa mafulati, misewu ina ya mkati yopanda mtengo olo umodzi, usiku wa Lachisanu phokoso la mabala limafika mpaka kuchipinda ngati muli pafupi ndi msewu wa kugombe, ndipo Lamulungu madzulo aliyense akamabwerera galimoto zimachita kukwawa. Nyanja nayonso ikudya gombe, malo ena mizu ya filao ili pamtunda. Mukafuna bata sunthirani kummwera cha ku Wolmar komwe kuli mahotela akuluakulu, koma kumeneko mitengo yake ndi ya anthu obwera ndi ma euro.

Albion ndingoidutsa mwachangu. Ndi mudzi wa anthu ogwira ntchito ku Port Louis, nyumba za mabanja, bata, kagombe kakang'ono, ndi nsanja younikira zombo ya Pointe aux Caves yomwe inamangidwa mu 1910 pamwamba pa matanthwe akuda pomwe mafunde amamenya mwaukali. Ngati mwabwera kudzagwira ntchito mu tawuni kwa miyezi ingapo ndipo muli ndi galimoto, Albion ndi yabwino ndipo lendi yake siyopweteka ngati ya Tamarin. Ngati mwabwera tchuthi cha sabata imodzi pitani mukajambule nsanjayo madzulo n'kubwerera, usiku kulibe chochita. Bambous nayo ndi chimodzimodzi, ili mkati kutali ndi madzi, ndi komwe kuli maofesi a khonsolo ya bomali ndi sitediyamu ya Germain Comarmond, kumeneko ndi kokhala osati kokacheza.

Tamarin ndi nkhani ina. Pamenepa mpanda wa makorali uja unaduka chifukwa mitsinje imathira madzi opanda mchere m'nyanja ndipo makorali sakula m'madzi otero, ndiye mafunde amalowa mpaka kugombe, mchenga wake ndi wotuwa osati woyera, ndipo anthu okwera mafunde pa matabwa anaidziwa kalekale. Mukaima pagombe n'kuyang'ana kumtunda, mtsinje uli apa, Montagne du Rempart ili uko ikuonekera m'madzi, ineyo palibe malo ena pachilumba chonse amene anandigwira mtima ngati amenewa nthawi ya m'mawa. Koma osambira movutikira asamale, apa si dziwe ngati ku Flic en Flac, madzi amakoka. M'mbali mwa msewu waukulu muona minda ya mchere, timabwalo ta miyala yakuda tomwe amathiramo madzi a m'nyanja dzuwa n'kuwaumitsa, ntchito imeneyi inayamba nthawi ya Afalansa m'zaka za m'ma 1700 ndipo amayi ovala majombo ndi zipewa zazikulu ndi amene ankakokola mcherewo n'kusenza. Yambiri inatsekedwa, malo ake kukumangidwa nyumba, yatsala yochepa.

Ndipo nkhani ya Tamarin ndi imeneyo, kumanga. Kuyambira pa Tamarin kudutsa La Preneuse mpaka Grande Rivière Noire ndi komwe kunadzaza anthu ochokera ku South Africa ndi ku France, moti mu supamaketi mutha kumva Chiafrikaans ngati muli ku Pretoria, biltong ali pa shelefu. Boma la Mauritius limalola mlendo kugula nyumba m'malo osankhidwa ndipo ikakhala ya madola 375,000 kapena kuposa amapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo, ndiye m'mbali mwa La Tourelle monse mwadzaza nyumba za mipanda ndi mageti a alonda. Kwa inu amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town ndipo kampani ikukutumizani ndi banja lonse, Tamarin ndi yosavuta kuzolowera, masukulu a pulaiveti a Chingerezi ndi Chifalansa ali pafupi, makiliniki, majimu, mashopu, zonse. Koma lendi ndi yokwera kwambiri, popanda galimoto simungakhale, ndipo msewu waukulu ndi umodzi womwewo wodutsa pakati ndiye nthawi yopita ndi yoweruka kusukulu mumaima ndithu. China chimene chimandipweteka ndi chakuti kuseri kwa mipanda imeneyi kuli timidzi ta anthu achikiliyo, zidzukulu za akapolo, ena akukhalabe m'nyumba za malata pamwamba ndi m'mbali momwe, ndipo ndi iwowa amene amakonza minda ya maluwa ndi kuchapa m'nyumba zazikuluzo pomwe ana awo sangathenso kugula malo m'mudzi momwe anabadwira. Mutha kukhala ku Tamarin chaka chathunthu osalankhulapo Chikiliyo olo liwu limodzi, ndipo ine zimenezo sindiziona ngati ubwino.

La Preneuse ili ndi kagombe kabwino koyang'ana phiri la Le Morne chapatali, ndi nsanja yozungulira ya Martello yomwe Angerezi anamanga m'zaka za m'ma 1830, pano ndi nyumba yosungiramo zakale. Ku Grande Rivière Noire ndi komwe kumanyamukira maboti okawedza nsomba zikuluzikulu monga marlin, komanso ndi khomo la kumunsi lolowera ku Black River Gorges National Park, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1994 ya mahekitala oposa 6,500. Ngati mumakonda kuyenda wapansi m'mapiri apa ndiye pofikira, mumadzuka m'mawa mphindi zochepa muli m'chigwa pansi pa mitengo, anyani ali m'njira, ndipo mukachita mwayi muona nkhunda ya pinki kapena kakabawi ka ku Mauritius komwe mu 1974 kanatsala 4 kokha padziko lonse anthu asanakapulumutse. Nsonga yayitali kuposa zonse pachilumbachi, Piton de la Petite Rivière Noire, ili momwemo, mamita 828. Kwa munthu amene anakwerapo Sapitwa kameneka ndi kachulu, koma matope ake mvula ikagwa ndi oterera zedi.

Za ma dolphin ndinenepo pang'ono chifukwa aliyense ku Tamarin ndi ku Black River adzakutsatsani ulendo umenewu. Nyamazi zimabwera m'mawa kudzapuma pafupi ndi gombe zitasaka usiku wonse, ndiye maboti ambirimbiri amazizungulira anthu n'kumadumphira m'madzi pamwamba pake. Ine ndinapitako kamodzi ndipo sindinabwerereko, zinandimvetsa chisoni. Ngati mukupita sankhani woyendetsa boti amene amaima patali n'kuzimitsa injini, mumufunse musanalipire.

Mukapitirira kummwera msewu umayamba kupepuka, nyumba za mipanda zimachepa, mumadutsa Petite Rivière Noire ndi Case Noyale pomwe mabwato a asodzi amangidwa m'madzi osaya, kenako La Gaulette. Apa ndi pomwe ineyo ndimasankha ndikakhala ndi galimoto ya hayala. Ndi mudzi wa asodzi womwe unakwera m'mbali mwa phiri, ndiye nyumba zambiri za lendi zili pamtunda ndipo pakhonde mumaona dziwe lonse la nyanja, chilumba cha Île aux Bénitiers chitagona patsogolo ngati ng'ona, Le Morne kumanzere. Pali supamaketi imodzi yaikulu, malo odyera angapo, mitengo ya zipinda ndi yotsika poyerekeza ndi Tamarin, ndipo m'mawa mutha kugula nsomba kapena ourite, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 ija, kwa msodzi amene wangotsika m'bwato. Anthu amapatsana moni panjira, mukangoti bonzour, ki manier, kutanthauza kuti moni, muli bwanji, nkhope zimamasuka.

Koma ndisakunamizeni, La Gaulette ilibe gombe losambira. M'mphepete mwake ndi matope, miyala ndi mitengo ya m'madzi, ndiye amene amafuna kutuluka m'chipinda n'kuponda mchenga akhumudwa. Kusamba ndi ku Le Morne, mphindi 10 kapena 15 pagalimoto, kapena kukwera boti kupita ku Île aux Bénitiers. Mabasi alipo koma amasiya kuyenda kukangoda ndipo sitima ya Metro Express sifika mbali ino, imathera m'matawuni a pakati, ndiye wopanda galimoto adzadalira matakisi ndipo amadula. Bola kuyendetsa sikuvuta, amayenda kumanzere ngati kwathu. Chinanso mphepo, kona imeneyi mapiri saitchinga bwino ngati Flic en Flac, miyezi yozizira imawomba ndithu ndipo n'chifukwa chake kumadzaza azungu a ma kite, amene amakokedwa ndi chinsalu pamadzi aja.

Chamarel ndi ya anthu ena ake. Kuchokera ku Case Noyale msewu umakwera mokhotakhota mpaka pa mudzi wa m'phiri, kozizirirako, kobiriwira, minda ya khofi, chinanazi ndi migwalangwa, kuli mathithi otalika pafupifupi mamita 100 ndi dothi la mitundu 7 lija limene mumaliona pa zithunzi zonse za Mauritius. Dothilo ndi chiphalaphala chomwe chija, chinawola n'kusanduka dongo ndipo chitsulo ndi aluminiyamu zomwe zinatsalamo ndi zimene zimapereka kufiira, chikasu ndi mtundu wonga wa biringanya. Ndi kamalo kakang'ono, musayembekezere chipululu, ndipo mulipira pageti. Pali fakitale ya ramu yopangidwa ndi madzi a nzimbe, komanso timalo todyera ta mabanja komwe amaphika nyama ya gwape ndi nguluwe, chakudya chenicheni cha Chikiliyo ndinachidya kumeneko. Kugona ku Chamarel usiku umodzi kapena uwiri ndi bwino kwambiri makamaka Januwale ndi Febuluwale pomwe kugombe kumatentha ngati ku Nsanje, koma sabata yonse ayi, nyanja ili kutali, udzudzu ndi wambiri, ndipo magalimoto a alendo akangochoka madzulo mudzi wonse umagona.

Pa nkhani ya miyezi, Novembala mpaka Epulo ndi nyengo yotentha komanso ya anamondwe. Freddy yemwe anatipweteka mu Malichi 2023 uja anadutsa kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale asanafike ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndi njira yomweyo. Kumeneko amachenjeza ndi makalasi, 1 mpaka 4, ikafika 3 aliyense amakhala m'nyumba mabasi ndi mashopu zonse zimaima. Ndiye ngati mukubwera miyezi imeneyi nyumba ya konkire ya pamtunda ngati za ku La Gaulette ndi yabwino kuposa ya m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo mufunsenso ngati msewu wake sudzaza madzi.

Ndiye mukandifunsa mwachindunji, wopanda galimoto, wobwera ndi ana aang'ono, kapena mwana wasukulu, Flic en Flac. Wosamuka ndi banja kampani ikulipira lendi, Tamarin kapena La Preneuse, koma muzituluka mumpandamo. Wofuna mapiri, nyanja ndi anthu ake pamodzi ndipo ali ndi laisensi, La Gaulette, ndipo mukhale masiku osachepera 4 chifukwa pali malo amodzi amene sindifuna muwaone mothamanga.

Le Morne. Ndi chimwala chimodzi chachikulu cha chiphalaphala, mamita 556, chili pa kachigawo kolowa m'nyanja, mbali zake zoima ngati khoma. M'munsi mwake muli mahotela odula kwambiri ndi magombe okongola kuposa onse m'bomali, ndipo pali mbali ya gombe ya aliyense ndiye musaope kupita ngakhale simugona m'hotelamo. Kugona pa kachigawo kameneka ndi kwa a matumba olemera, palibe shopu palibe mudzi, mudzi wa Le Morne weniweni uli chakummwera ndipo makolo a anthu ake ankakhala m'tsinde mwa phirilo pamalo otchedwa Trou Chenille asanasamutsidwe. Koma chimene ndimapitira si gombe. M'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa 1800 akapolo othawa ankabisala m'mapanga ndi pamwamba pa phiri limeneli chifukwa owasaka sankatha kukwerako. Akapolowo ankachokera ku Madagascar, ku India, ndi gombe la kummawa kwa Africa, ndipo amene ankangolembedwa kuti Mozambique sanali a m'mphepete mwa nyanja okha ayi, munali Amakua, Ayao, Amaravi, anthu ogwidwa mkati mwenimweni mpaka kufupi ndi nyanja yathu n'kuyendetsedwa wapansi kukakwezedwa zombo. Ndiye kuti ena mwa amene anagona m'mapanga amenewo mwina ankalankhula mawu oti inu ndi ine tikanawamva. Nkhani imene anthu a kumeneko amasimba ndi yoti ukapolo utathetsedwa pa 1 Febuluwale 1835 asilikali anapita kukawauza kuti ndi mfulu, iwo poona mayunifolomu anaganiza kuti abwera kudzawagwira ndipo anasankha kudziponya kuphompho. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2008, ndipo m'tsinde mwake muli bwalo la ziboliboli lokumbukira njira ya akapolo, pa 1 Febuluwale chaka chilichonse ndi holide ndipo anthu amasonkhana pamenepo.

Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi kupita ndi kubwera. Theka loyamba ndi njira yabwinobwino ya m'mitengo, theka lachiwiri ndi lokwawa ndi manja pa thanthwe, ndipo mvula ikagwa musayerekeze. Njira imathera pa mtanda wachitsulo pansi pang'ono pa nsonga yeniyeni. Pamenepo mumaona dziwe lonse lobiriwira, mzere woyera wa mafunde pa makorali, La Gaulette uko, ndipo mukayang'ana kumadzulo ndi madzi okhaokha, mbali imeneyo ndi komwe kuli Madagascar ndipo kuseri kwake ndi kwathu. Ine ndinakhala pansi nthawi yaitali osajambula. Nyamukani m'mawa kwambiri geti ikangotsegulidwa dzuwa lisanakwere chifukwa kumtundako kulibe mthunzi, tengani madzi okwanira ndi nsapato zogwira pansi, ndipo potsika musathamangire kugombe, yambani mwaima pa bwalo la ziboliboli lija.